Wophunzira unamwino pa nthawi ya m'bindikiro: gwero la nkhawa zake ndi njira zopiririra

Pa 11 Malichi 2020, bungwe la za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse. Pasanathe milungu ingapo mayiko ambiri anatseka sukulu, ndipo bungwe la United Nations loona za maphunziro la UNESCO linawerengera kuti ophunzira pafupifupi 1.6 biliyoni anakhudzidwa. Wophunzira zamalamulo kapena mbiri yakale ankatha kupitiriza kuwerenga ali kunyumba, ngakhale movutikira. Kwa wophunzira unamwino nkhani inali ina, chifukwa gawo lalikulu la maphunziro ake limachitikira pambali pa bedi la wodwala. M'mayiko a European Union, mwachitsanzo, lamulo limafuna maola osachepera 4,600 a maphunziro, ndipo theka lake kapena kuposerapo ayenera kukhala a m'chipatala. Mayiko ena ali ndi manambala awoawo, koma mfundo yake ndi imodzi: maola a m'wodi akapanda kukwana, bungwe loyang'anira anamwino silipereka chiphaso.

M'bindikiro unagawa ophunzirawa pawiri. Ena, makamaka a chaka choyamba, anawabweza kunyumba osadziwa tsiku lobwerera. Ena, makamaka otsala pang'ono kumaliza, anawaitana kuti akathandize m'zipatala zomwe zinali zitadzaza. Ku Britain bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba la Nursing and Midwifery Council linakhazikitsa malamulo apadera mu Malichi 2020 olola ophunzira a miyezi 6 yomaliza kulowa m'wodi n'kumalandira malipiro. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Lipoti la WHO la mu Epulo 2020 linati padziko lonse pali anamwino 27.9 miliyoni ndipo akuperewera ndi 5.9 miliyoni. Mliri unapeza mpata umenewu ulipo kale, ndipo ophunzira ndi amene anali pafupi kuti autseke.

Magulu awiriwa anavutika mosiyana. Wobwezedwa kunyumba ankadya mutu ndi mafunso opanda yankho: ndidzamaliza liti, ndalama za fizi zomwe makolo alipira zapita pachabe kodi, manja angawa akumbukirabe kuika diripi? Ena ankadziimbanso mlandu poona anzawo ali kuntchito iwo atangokhala. Wopita m'wodi ankaopa kutenga kachilombo, ndipo koposa apo ankaopa kukapatsira mayi ake kapena agogo ake kunyumba. Mantha amenewa sanali ongoganizira. WHO inayerekeza kuti pakati pa Januwale 2020 ndi Meyi 2021 ogwira ntchito zachipatala pakati pa 80,000 ndi 180,000 anamwalira ndi Covid-19. Pamwamba pa izi panali kusalidwa: eni nyumba ena ankakana kusunga ogwira ntchito m'chipatala, ndipo abale ena ankawatalikira. Zoterezi zinaonekanso pa mliri wa SARS mu 2003 ndi wa Ebola kumadzulo kwa Africa kuyambira mu 2014.

Zimene zimachitika m'thupi

Ubongo ukazindikira choopsa umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, kupuma kumafulumira, shuga amakwera m'magazi, minofu imakungika, ndipo m'mimba ntchito yogaya chakudya imachepa. Dongosolo limeneli ndi labwino ngati choopsacho ndi cha mphindi zochepa, monga wodwala akakomoka mwadzidzidzi ndipo namwino akuyenera kuthamanga. Vuto la mliri ndi lakuti choopsa sichichoka. Mwachibadwa cortisol amakhala wambiri m'mawa n'kumatsika pofika usiku, koma munthu akapanikizika kwa milungu yambiri kayendedwe kameneka kamasokonekera. Tulo timavuta, mutu umawawa, khosi ndi mapewa zimauma, ndipo zowerenga sizilowa. Wophunzira amene wawerenga tsamba limodzi kanayi osagwira kanthu amafulumira kudzitcha waulesi kapena wopanda nzeru, pamene vuto lenileni ndi ubongo wotopa umene uli tcheru kudikira choopsa.

Kupanikizika kotere si matenda, ndipo kwa anthu ambiri kumachepa zinthu zikasintha. Koma kumatha kukula n'kusanduka matenda a nkhawa, pomwe munthu amalephera kuletsa maganizo oipa masiku ambiri, kapena matenda ovutika maganizo, pomwe amakhala wokhumudwa kapena osasangalatsidwa ndi chilichonse kwa milungu iwiri kapena kuposerapo. WHO inanena mu Malichi 2022 kuti m'chaka choyamba cha mliri matenda awiriwa anakwera ndi 25 peresenti padziko lonse, ndipo achinyamata ndi amayi ndi amene anakhudzidwa kwambiri. Ophunzira unamwino ambiri ndi atsikana ndi amayi achichepere, choncho anali m'magulu onse awiri.

Pali mavuto ena awiri amene amakonda kugwira anthu a ntchito imeneyi. Loyamba ndi kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito, komwe WHO imakufotokoza ndi zizindikiro zitatu: kutopa kosatha, kuuma mtima pa ntchitoyo, ndi kudziona ngati palibe chimene ukukwanitsa. Lachiwiri ndi kuwawidwa mtima kwa munthu amene akudziwa choyenera kuchita koma zinthu zikumulepheretsa, komwe katswiri wina dzina lake Andrew Jameton anakufotokoza mu 1984 polemba za anamwino. Taganizirani wophunzira amene anaphunzitsidwa kuti munthu asamwalire yekha, ndiye akuuza abale kuti sangalowe m'wodi, kapena akuona odwala awiri akufunika okosijeni pomwe silinda ilipo imodzi. Bala la mtundu umenewu silipola ndi tulo kapena tchuthi. Limafuna kuti munthu alankhule ndi wina wodziwa ntchitoyo, amene angamuthandize kusiyanitsa cholakwa chake ndi kuperewera kwa zipangizo komwe iye sanakupange.

Kusankha njira yogwirizana ndi vuto

Mu 1984 akatswiri a za maganizo Richard Lazarus ndi Susan Folkman anagawa njira zopiririra m'magulu awiri akuluakulu. Pali zolimbana ndi vuto lenilenilo, monga kufunsa, kukonza ndandanda ndi kuphunzira luso lomwe likusowa. Palinso zokhazika mtima pansi, monga kupemphera, kupuma mwadongosolo ndi kukambirana ndi mnzako. Palibe gulu loposa linzake. Chimene chimasokoneza ophunzira ambiri ndi kugwiritsa ntchito njira yabwino pamalo olakwika. Tsiku lotsegulira sukulu silili m'manja mwa wophunzira, ndiye kukhalira kufufuza mphekesera zake pa WhatsApp usiku wonse kumangowonjezera moto. Koma kusadziwa kuwerengera mlingo wa mankhwala kuli m'manja mwake, ndipo kungopemphera kapena kuonera mafilimu kuti aiwale sikungachotse manthawo, chifukwa mawa mawerengedwe aja adzakhala akumudikirabe.

Njira yosavuta yosiyanitsira ndi pepala logawidwa pakati. Mbali imodzi mulembe nkhawa zomwe mungachitepo kanthu sabata ino, ndipo pambali pa iliyonse mulembe chinthu chimodzi chaching'ono chochita ndi tsiku lake. Mbali inayo mulembe zomwe simungazisinthe. Zimenezi muziike nthawi yake, mphindi 15 tsiku lililonse, madzulo koma osati pafupi ndi nthawi yogona. Nkhawa ikabwera nthawi ina, muilembe mwachidule n'kuisiya mpaka nthawi yake ikwane. Masiku oyamba zimaoneka ngati sizikugwira, chifukwa maganizo amabwerabe, koma cholinga si kuwaletsa kubwera. Cholinga ndi kuleka kuwatsatira paliponse pomwe atulukira.

Pali gulu lachitatu la njirazi lomwe kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amalipeza likuyendera limodzi ndi nkhawa yochuluka: kuthawa vuto. Kuzimitsa foni kuti musaone uthenga wa mphunzitsi, kujomba kalasi ya pa intaneti, kugona usana wonse, kumwa mowa. Kuthawa kumapereka mpumulo wa nthawi yomweyo, ndipo n'chifukwa chake kumazolowereka msanga. Ubongo umaphunzira kuti chinthu chija chinalidi choopsa ndipo unapulumuka chifukwa chothawa, ndiye mawa mantha amabwera atakula.

Kwa amene ali kunyumba

M'bindikiro umachotsa mafupa a tsiku: belu la kalasi, ulendo wopita kuchipatala, nthawi yodya ndi anzanu. Choyamba kubwezeretsa ndi nthawi yodzuka. Ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, osasiyana kuposa ola limodzi ngakhale Loweruka, ndipo mukadzuka mukhale pa kuwala kwa dzuwa kwa mphindi 20 kapena 30, ngakhale pakhonde kapena pawindo, chifukwa kuwala kwa m'mawa ndi kumene kumawongola wotchi ya m'thupi. Musawerengere pabedi. Ngati chipinda n'chimodzi, mpando ndi tebulo laling'ono pakona zikwanira, bola ubongo uzidziwa kuti bedi ndi logonapo basi.

Kuwerenga kukhale kwa zigawo zifupizifupi, mphindi 25 mpaka 45, kenako kupuma mphindi 5 kapena 10 mutaimirira. Kumene netiweki imavuta kapena bandulo ndi yodula, kalasi yonse ipemphe mphunzitsi kuti azitumiza mawu ojambulidwa ndi manotsi olembedwa m'malo mwa vidiyo, chifukwa vidiyo ndi imene imatha bandulo msanga. Pempho la kalasi yonse limamveka kuposa la munthu mmodzi, ndipo limachotsa manyazi kwa amene alibe laputopu.

Mantha oti luso likuthawa m'manja amachepa pokhapokha mukuligwiritsa ntchito, ndipo zambiri zimatheka popanda wodwala. Mawerengedwe a mankhwala ndi diripi amangofuna pepala. Ngati madzi okwana 1,000 ml ayenera kulowa m'maola 8, ndipo chubu chake chimatulutsa madontho 20 pa ml imodzi, muchulukitse 1,000 ndi 20 n'kugawa ndi mphindi 480, mupeza madontho pafupifupi 42 pa mphindi. Mafunso asanu otere tsiku lililonse amasunga mutu uli wakuthwa. Mutha kuwerenga kagundidwe ka mtima ndi kapumidwe ka abale amene avomera, kumanga bandeji, kuyeserera kutembenuza wodwala pabedi, ndi kunena mokweza masitepe onse otsukira bala kuyambira kusamba m'manja mpaka kulemba mu faelo. Anthu awiri atha kuimbirana foni n'kuyeserera kupatsirana lipoti la wodwala wongopeka monga zimakhalira posinthana shifiti. Chosayenera kuyesa ndi kubaya jakisoni kapena kuika kanyula (kachubu kolowetsa mu mtsempha) pa m'bale popanda woyang'anira. Ngoziyo ndi yeniyeni, ndipo cholakwika chikachitika chimatha kuwononga maphunziro onse.

Kunyumba wophunzira amasandukanso dokotala wa banja lonse. Aliyense wotsokomola amabwera kwa iye, ndipo uthenga uliwonse wonena za mankhwala atsopano amamufunsa ngati ndi woona. Ndi bwino kunena poyera malire ake: "Ine ndikadali pasukulu, izi tikafunse kuchipatala." Mawu amenewa si kudzichepetsa. Amateteza wodwalayo, ndipo amamuchotsera wophunzirayo katundu yemwe sanafike pomusenza.

Za nkhani za mliri, kawiri pa tsiku n'kokwanira, mphindi 15 ulendo uliwonse, kuchokera ku unduna wa zaumoyo kapena WHO, ndipo osati mu ola lomaliza musanagone. Magulu a pa foni omwe amangotumiza manambala a omwalira ndi zithunzi za maliro muwatseke mawu.

Kwa amene ali m'wodi

Apa mankhwala amphamvu a mantha ndi luso lovala ndi kuvula zodzitetezera. Anthu ambiri amadzipaka kachilombo povula, osati povala, chifukwa nthawi imeneyo amakhala atatopa, atuluka thukuta ndipo akufulumira. Magolovesi ndi gauni, zomwe ndi zakuda kwambiri, zimayamba kuchoka, kenako kusamba m'manja, kenako zoteteza maso, ndipo masiki imachoka pomaliza mutagwira zingwe zake kumbuyo osakhudza kutsogolo, n'kusambanso m'manja. Ndi sanitaiza kusambako kutenge masekondi 20 mpaka 30, ndi sopo ndi madzi masekondi 40 mpaka 60. Chipatala chilichonse chili ndi ndondomeko yake yomwe iyenera kutsatidwa, koma paliponse zimathandiza kukhala ndi mnzanu woima patali akuyang'ana ndi kutchula sitepe iliyonse. Wophunzira amene wavula moyang'aniridwa amapita kunyumba akudziwa kuti sanalumphe kanthu, ndipo sagona akubwereza m'mutu ngati anakhudza nkhope kapena ayi.

Musanavale, imwani madzi, idyani kanthu ndipo mupite kuchimbudzi. Ambiri amadzimana madzi poopa kuvula pakati pa shifiti, ndiye amatha tsiku mutu ukuwawa ndi mtima ukugunda, zomwe amaziyesa nkhawa kapena chiyambi cha matenda pamene ndi ludzu chabe. Pobwerera kunyumba khalani ndi mwambo umodzi wosasintha: yunifolomu ivulidwe kuntchito ngati n'kotheka n'kuikidwa m'thumba lakelake, nsapato zitsale pakhomo, foni ipukutidwe, musambe musanakumbatire aliyense. Mukatha zimenezi mwachita mbali yanu. Kusamba kachitatu kapena kuchapa zovala zochapa kale sikuwonjezera chitetezo, ndipo ngati mukulephera kusiya, chimenecho ndi chizindikiro choti mulankhule ndi mlangizi.

Wophunzira ali ndi ufulu wokana ntchito yomwe sanaphunzitsidwe kapena yomwe palibe zodzitetezera zoyenera. M'wodi yodzaza, pomwe sisitala mmodzi akuthamangira odwala makumi angapo, kunena kuti "izi sindinachitepo, mundiyang'anire" kumafuna kulimba mtima. Komabe ndi mawu amene amaletsa ngozi zambiri, ndipo namwino wamkulu wanzeru amakhulupirira kwambiri wophunzira wonena choncho kuposa wongovomera zilizonse.

Imfa yoyamba kuiona imakhala yolemera nthawi iliyonse, koma pa mliri ophunzira ena anaona imfa zingapo pa shifiti imodzi, popanda abale olira pambali ndiponso popanda nthawi yokhala pansi. Kulota zoopsa, kuona nkhope ya wodwalayo m'maganizo, kudzidzimuka ndi kulira kwa makina, zonsezi zimachitika kwa anthu ambiri m'masiku oyamba ndipo nthawi zambiri zimazilala zokha. Zikapitirira mwezi umodzi, kapena zikayamba kukulepheretsani kulowa m'wodi, pafunika thandizo la katswiri.

Kupuma, tulo ndi thupi

Njira yachangu yotsitsira kuthamanga kwa mtima ndi kutalikitsa kutulutsa mpweya. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ikufufuma osati mapewa kukwera, kenako tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Zimenezi zimakupatsani kupuma pafupifupi ka 6 pa mphindi. Chitani kwa mphindi 5, kawiri pa tsiku, pa nthawi yomwe muli bwinobwino, kuti thupi lizolowere lisanafike tsiku lovuta. Cholakwika chofala ndi kukoka mpweya wambiri mofulumira poganiza kuti ndiye kupuma mozama. Kutero kumachotsa mpweya wa carbon dioxide wochuluka m'magazi, ndipo zotsatira zake ndi chizungulire, dzanzi m'zala ndi kuzungulira pakamwa, ndi kumva ngati mpweya ukuperewera, zomwe zimawonjezera manthawo.

Mantha aakulu obwera mwadzidzidzi, omwe munthu amamva ngati akufa, nthawi zambiri amafika pachimake m'mphindi pafupifupi 10 kenako n'kumatsika. Pa nthawi imeneyo zimathandiza kubweza maganizo pamalo pomwe muli: tchulani zinthu 5 zomwe mukuona, 4 zomwe mukukhudza, 3 zomwe mukumva m'makutu, 2 zomwe mukununkhiza, ndi 1 yomwe mukulawa. Koma pa nthawi ya mliri wa m'mapapo pafunika kusamala. Kubanika komwe kukubwera ndi kutentha thupi, chifuwa, kapena komwe kukukula mukayenda, kukayezedwe kuchipatala, musangokutcha nkhawa.

Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola 7 mpaka 9. Kafeini wa mu khofi, tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu amatenga pafupifupi maola 5 kuti theka lake lichoke m'thupi, ndiye kapu ya 5 koloko madzulo imakhala ikugwirabe ntchito pa 10 koloko usiku. Lekani kafeini maola osachepera 6 musanagone. Tulo tikakana kwa mphindi ngati 20, dzukani, khalani pamalo a kuwala kochepa mukuchita chinthu chosautsa mtima, ndipo mubwerere pabedi tulo tikayamba kubwera. Kukhalabe pabedi mukulimbana nato kumaphunzitsa ubongo kuti bedi ndi malo ovutikira. Wochokera ku naiti agone m'chipinda chamdima atangofika, ndipo asanapite ku naiti yotsatira atha kugonako pang'ono masana.

Mowa umagonetsa msanga koma umasokoneza theka lachiwiri la usiku, ndipo m'mawa nkhawa imadzuka itakula. Choopsa china kwa anthu a ntchito imeneyi ndi chakuti mankhwala ali pafupi ndipo mayina ake amawadziwa. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam amazolowereka m'milungu yochepa, kuwasiya mwadzidzidzi kumatha kuyambitsa kunjenjemera ngakhale kukomoka, ndipo WHO imalangiza kuti asaperekedwe pofuna kuchepetsa kupanikizika kwa mwezi woyamba munthu akakumana ndi zoopsa. Kutenga mankhwala a m'wodi n'kumwa nokha ndi mlandunso womwe ungathetse ntchito isanayambe.

Masewera olimbitsa thupi safuna bwalo. WHO imalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata, zomwe ndi mphindi 30 kwa masiku asanu, ndipo kulumpha chingwe, kuvina kapena kukwera ndi kutsika masitepe zimawerengedwa.

Anzanu, chikhulupiriro, ndi malire ake

Palibe amene amamvetsa wophunzira unamwino kuposa mnzake wa m'kalasi. Gulu laling'ono la anthu atatu mpaka asanu, lokumana pa foni tsiku lodziwika sabata iliyonse, limagwira ntchito kuposa gulu la kalasi yonse, chifukwa m'gulu laling'ono wina akasowa zimaoneka. Pakhale malamulo awiri. Dzina la wodwala kapena chilichonse chomuzindikiritsa chisatchulidwe, ndipo zithunzi za m'wodi zisatumizidwe. Lachiwiri, kudandaula kukhale ndi polekezera. Anthu akamangobwereza zowawa zomwezo kwa ola lathunthu amasiyana atalemedwa kuposa poyamba, choncho gawo lomaliza likhale la zomwe aliyense achite sabata ikubwerayo.

Pothandiza mnzanu wosweka mtima, ndondomeko ya WHO ya chithandizo choyamba cha m'maganizo ili ndi masitepe atatu: kuyang'ana, kumvetsera, ndi kulumikiza. Muone ngati ali pangozi kapena akusowa zofunika monga chakudya ndi pogona. Mumvetsere popanda kumukakamiza kufotokoza zonse ndiponso popanda kumudula ndi mawu akuti "limba mtima, ndiwe namwino". Kenako mumulumikize ndi amene angamuthandize. Simukuyenera kukhala mlangizi wake, ndipo kuyesa kutero kwa anthu angapo nthawi imodzi kumagwetsa wothandizayo.

Pemphero ndi mawu a chikhulupiriro zinagwira ophunzira ambiri dzanja pomwe nyumba zopemphereramo zinali zotseka, ndipo palibe chifukwa chozipeputsira. Zimayamba kuvulaza pokhapokha munthu akamaona kudwala kwake ngati chilango, kapena akauzidwa kuti kupita kwa dokotala ndi kuchepa chikhulupiriro.

Nthawi yofuna thandizo la akatswiri

Ophunzira unamwino amadziwa zida ziwiri zoyezera zomwe angazigwiritsenso ntchito pa iwo eni. PHQ-9 ili ndi mafunso 9 a matenda ovutika maganizo okhudza milungu iwiri yapitayi, ndipo mapointi ake amachokera pa 0 kufika 27. GAD-7 ili ndi mafunso 7 a nkhawa, kuchokera pa 0 kufika 21. Pa zonse ziwiri, kupeza 10 kapena kuposerapo ndi chizindikiro choti mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi. Zidazi sizipereka dzina la matenda, zimangoloza amene akufunika kuunikidwa bwino. Ngakhale mapointi atakhala ochepa, pitani ngati mwasiya kudya kapena kusamba, ngati mukulakwitsa zinthu m'wodi chifukwa maganizo ali kwina, kapena ngati mowa wasanduka wa tsiku lililonse.

Funso la 9 pa PHQ-9 limafunsa za maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza, ndipo yankho lililonse loposa 0 lisadikire. Ngati mukukayikira mnzanu, mufunseni mosapita m'mbali: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikuika ganizolo m'mutu mwa munthu, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wazindikira. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani mankhwala ndi china chilichonse chomwe angadzivulaze nacho, musalonjeze kusunga chinsinsi, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati muli kutali, khalani naye pa foni kwinaku mukupeza munthu wapafupi woti afike pomwe ali. Malamulo a m'bindikiro saletsa ulendo wopita kuchipatala.

Thandizo lilipo la mitundu ingapo, ndipo lambiri limatheka pa foni. Uphungu wotchedwa cognitive behavioural therapy (CBT) umathandiza munthu kuona mmene maganizo, zochita ndi mmene akumvera zimakokerana. WHO inakonzanso pulogalamu ya Problem Management Plus, ya magawo asanu, yomwe angaipereke anthu ophunzitsidwa ngakhale si madokotala a za maganizo. Mankhwala a matenda ovutika maganizo amatenga milungu iwiri mpaka inayi, nthawi zina kuposerapo, kuti ayambe kuoneka ntchito yake, ndipo ena amawasiya msanga poganiza kuti sakugwira. Asamasiyidwe mwadzidzidzi popanda kukambirana ndi amene anawalemba.

Chimene chimatsekereza ophunzira ambiri ndi mantha oti sukulu ikadziwa iwachotsa, kapena kuti adzaoneka osayenera ntchitoyi. Anamwino ambiri odalirika analandirapo chithandizo chotere ndipo akugwira ntchito bwinobwino. Ngozi yaikulu kwa odwala ndi namwino wodwala amene akubisa.

Mbali ya sukulu ndi chipatala

N'kulakwa kuika katundu yense pa wophunzira ngati kuti vuto ndi kufooka kwake. Palibe kupuma mwadongosolo komwe kungalowe m'malo mwa masiki yomwe palibe. Sukulu zomwe zinachita bwino zinachita zinthu zosafuna ndalama zambiri. Zinkatumiza uthenga tsiku lodziwika sabata iliyonse, ngakhale uthengawo ukhale wakuti palibe chasintha, chifukwa chete amabala mphekesera. Zinkanena momveka kuti kupita m'wodi ya mliri n'kodzipereka, ndipo wokana chifukwa cha mphumu, shuga, pathupi kapena kholo lodwala kunyumba salangidwa pa magiredi. Wophunzira aliyense ankakhala ndi namwino mmodzi womudziwa dzina woti azimuyang'anira, ndipo mlangizi ankakhala munthu wosachonga mayeso ake, popeza palibe amene angaulule zakukhosi kwa munthu wogwira magiredi ake.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimachitika ndi mtima wabwino koma zimapweteka. Choyamba ndi kusonkhanitsa onse pambuyo pa tsiku loopsa n'kukakamiza aliyense kufotokoza mmene akumvera pa msonkhano umodzi. WHO silimbikitsa njira imeneyi, chifukwa umboni sunaonetse kuti imateteza, ndipo kwa ena imachedwetsa kuchira. Chabwino ndi kupereka mpata wolankhula kwa amene akufuna, n'kumufunsanso aliyense payekha pakapita milungu ingapo. Chachiwiri ndi kutcha ophunzira ngwazi. Mawuwo amakoma, koma ngwazi siyembekezeka kunena kuti ikuopa kapena kufunsa chifukwa chomwe magolovesi athera, ndiye wophunzira amangomeza zonse.

Mavuto sathera tsiku lomwe zipata za sukulu zatsegulidwa. WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma amene anaphunzira m'zaka za m'bindikiro analowa ntchito ena atachita maola ochepa a m'wodi kuposa omwe anawatsogolera, ndipo ambiri ankachita manyazi kuvomera. Njira yake ndi kulemba mndandanda wa maluso onse ofunika, kuika chizindikiro pa omwe munangowaonera, omwe munachita moyang'aniridwa ndi omwe mungachite nokha, n'kuupereka kwa woyang'anira sabata yoyamba. Akatero, woyang'anirayo amadziwa kuti kanyula kapena chubu cha mkodzo chikafunika pa shifiti imeneyo aitane ndani kuti adzachite iye ataima pambali.